A Mwale a Kamera Ziwiri

Chaka chakwana chimwalirireni a Mwale. Lamulungu lapitali abusa anawatchula m'pemphero, nkunena kuti anali mzati wa mpingo, anthu nkuvomera, kenako onse nkuthamangira ku tiyi. Ine sindinavomere nawo. Mzati umaima malo amodzi. A Mwale sankakhala pansi. Ngakhale ulaliki uli mkati mumawaona asuntha, aima pafupi ndi zenera, apendeketsa mutu, akuyeza kuwala ndi diso limodzi. Amene amanena za mzatiwo sankawayang'ana. Ine ndinkawayang'ana, chifukwa ndimayang'ana aliyense.

Ndikulemba izi mtima usanakhazikike. Pali kanthu kamene anandisiyira, ndipo tsopano kali m'manja mwa munthu amene sindikumudziwa. Ndifika pamenepo.

Kwa amene simunawapeze, a Mwale ndi amene ankatijambula ife Amalawi a muno mu Glasgow. Kwawo kunali ku Dedza, ndipo ntchito ya kamera anayamba ali komweko, kuyenda pa njinga mudzi ndi mudzi, kujambula maukwati ndi ana a sukulu, filimu ikadzaza nkukatsukitsa ku Lilongwe. Kuno anabwera potsata mwana wawo wamwamuna amene anadzaphunzira uinjiniya. Mwanayo atapeza ntchito ku Mangalande anafuna kuwatenga, iwo anakana. Ati nyumba yawo ya ku Dennistoun ili ndi zenera labwino, ndipo munthu sasiya zenera labwino chifukwa cha mwana. Mwanayo anakhumudwa nazo zaka zambiri. Ine ndimaganiza kuti panali chifukwa china, koma sindinachipeze.

Anali ndi malamulo awo. Munthu sankamujambula kawiri. Amakuimika, nkukukonza kolala, nkukuuza kuti usaphethire, ndipo ukaphethira ndi zako, udzakhala wotsinzina mpaka adzukulu ako. Ankati filimu ili ngati mbewu ya m'nkhokwe, sumwaza pathanthwe. Lamulo lina linali lakuti ukwati ndi maliro sizigona m'filimu imodzi. Ngakhale filimu ikhale itangoyambidwa kumene pa ukwati, kukagwa zovuta amaichotsa nkuika yatsopano. Ankati akwati sangayambe banja atagundana ndi bokosi mumdima.

Koma lamulo lalikulu linali la negetivu, kapulasitiki kofiirira kaja kamene zithunzi zimachokerako. Iwo ankakatchula kuti make wa chithunzi. Akakubweretsera chithunzi chako m'envulopu, amadula kanegetivu kako nkukuikira momwemo. Ankati chithunzi ndi mwana, chikhoza kunyowa, kupsa kapena kubedwa, koma make akakhalapo abereka china. Ndipo make wa mwana wako sasungidwa kwa eni.

Pa nkhani yomweyi ndi pamene ine ndi iwo tinayambanirana. Masiku amenewo ndinkakhala ku Sighthill, m'nyumba zazitali zija anazigwetsa, ndikulera mdzukulu. M'nyumbamo munali anthu ambiri amene mapepala awo anali asanalongosoke, ndipo kamera ankaiopa ngati njoka. Ine mapepala anga anali bwino, komabe ndinawafunsa a Mwale kuti kusitolo kumene amatsukitsako, amaziona ndani zithunzizo. Anati makina. Ndinati makinawo amayatsa ndani. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti Apolisi. Akandiona pakhomo pa tchalitchi amavula chipewa nkumati mwadzuka bwanji Apolisi, lero mwamanga angati. Ndinakana kujambulidwa kwa nthawi yaitali. Nditalola, ndinatenga negetivu yanga nkuikweza kuzenera pamaso pawo, kuona ngati m'mbali mwake sanadulemo ina nkubisa. Sanakwiye. Anangoti munthu ngati ine akanakhala ku Dedza, mbuzi sizikanabedwa.

Kenako kunabwera kamera zija zosafuna filimu. Woyamba kugula pakati pathu anali a Chirwa, bambo wa ntchito ya makompyuta amene ankakhala ku Hillhead ndi mkazi wawo Nachisale. Inali yaing'ono, yonyezimira, ili ndi kagalasi kumbuyo kamene kamaonetsa chithunzi nthawi yomweyo. Anabwera nayo pa ubatizo wa mwana wina. Mapemphero atangotha anthu anaunjikana kumbuyo kwawo ngati nkhuku pa madeya. Wina akuti fufutani ndatuluka wonenepa, wina akuti jambulaninso duku linapendama. Mwana wobatizidwayo anaiwalika m'manja mwa agogo ake. A Mwale anaima patali, kamera yawo yakuda ili pamimba, akudikira kuti anthu afole monga mwa masiku onse. Sanafole.

Pa tiyi ananena maganizo awo mokweza kuti a Chirwa amve. Ati chithunzi chimene mwini wake akhoza kuchikana ndi chala si chithunzi, ndi kalilole. Ati kudikira sabata kuti uone nkhope yako kumaphunzitsa munthu kudzichepetsa. A Chirwa anayankha mwaulemu kuti dziko likuyenda, bambo, ndipo posachedwa filimu idzasowa ngati palafini. A Mwale anati palafini ku Dedza akadalipo.

Ine sindinali mbali ya aliyense. Ya a Mwale imapita kusitolo kwa anthu achilendo, ya a Chirwa imalowa m'kompyuta, kaya kumene zimathera ndi kuti. Koma anthu anapita ndi yatsopanoyo. Inali yachangu, ndipo inkawalola kusankha nkhope imene akufuna kuti kumudzi aione. Maenvulopu amene a Mwale ankabwera nawo Lamulungu anayamba kuchepa. Iwo ankanamizira kuti sakuona.

Anali munthu wovuta, tisabise. Anakanganapo ndi amayi a kwaya chifukwa choima motchinga kuwala. Anakanganapo ndi mzungu wosamalira tchalitchi pa nkhani ya katani. Mkwati wina anamuliritsa pomuuza kuti wadzola mafuta ambiri, atuluka ngati poto. Koma pa maliro anali wina. Amafika woyamba, amachoka womaliza, ndipo sankalandira kanthu.

Ndiye kunagwa maliro a Yamikani.

Yamikani anali bambo wachinyamata wa ku Ntcheu, wa ku Sighthill komweko, mmodzi wa odikira mapepala. Anadwala chifuwa nyengo yozizira nkumwalira kuchipatala. Zonyamula thupi pa ndege zinatikanika, ndipo akuluakulu anagwirizana ndi amalume ake pa foni kuti aikidwe konkuno. Koma amalumewo anatiuza vuto limene linali kumudzi. Mayi ake a Yamikani anakana uthengawo. Amayi a m'mudzi atabwera kudzagona pa siwa, iwo anawabweza. Analetsa kulira pakhomo pawo. Ankati anthu a kunja ndi abodza, mwina mwana wawo wakwatira mzungu ndipo akufuna kuti aiwalike. Ankati sanaone nkhope, ndiye palibe maliro. Amalumewo anatipempha chinthu chimodzi chokha, kuti tijambule nkhope tisanatseke bokosi nkutumiza, apo ayi mayiyo apenga akudikira, ndipo mudzi sumeta.

Ine mayi ameneyo ndinamumvetsa. Nanenso sindikanakhulupirira.

Pa msonkhano wokonza maliro a Chirwa anadzipereka. Anati ndi kamera yawo chithunzi chikhoza kufika ku Lilongwe tsiku lomwelo kudzera pa kompyuta. A Mwale anaimirira asanamalize. Anati mayi wa ku Ntcheu alibe kompyuta, akufuna chinthu chogwira m'manja. Anati chithunzi chofufutika ndi chala sichingakhale mboni ya imfa. Anatinso safuna kuona anthu akuunjikana kumbuyo kwa kagalasi, maliro ali pomwepo. Kenako anatembenukira kwa a Chirwa pamaso pa anthu onse.

"Chidole chanucho mukasiye kunyumba, ana azikasewera nacho."

A Mwale anali mkulu wa mpingo, ndipo maliro ambiri anajambula ndi iwo. Akuluakulu anawavomera. A Chirwa anangoyang'ana pansi. Nachisale anali kumbuyo ndi ife amayi, ndipo ndinaona kuti sanayang'ane pansi.

Tsiku loika maliro kunazizira koluma zala. Tinakumana kwa azungu okonza maliro kuti tione nkhope. Panja pomwepo ndinaona a Mwale akutsegula kamera. Munali filimu ya ukwati wa sabata yapitayo, yosadzaza, ndipo mwa lamulo lawo lija anaichotsa nkuika ina, ataimirira pamphepo, zala zikunjenjemera, maso akulengeza misozi ya chisanu. Tinalowa. Anajambula nkhope modekha, mbali iyi ndi iyo. Kumanda anajambula bokosi likutsika, anajambula nkhata, anajambula ife.

Tsiku limenelo ndinaona zinthu ziwiri zimene ena sanazione.

Choyamba chinali m'chipinda choonera nkhope muja. Tikudutsa pamzere tikuimba, Nachisale anali patsogolo panga. Atafika pa bokosi anachedwa pang'ono, dzanja lili m'kati mwa jasi, ndipo pansi pa nyimbo ndinamva kaphokoso kakang'ono ngati kulira kwa mwanapiye.

Chachiwiri chinali kumanda, zonse zitatha. A Mwale anayamba kupukusa kachitsulo kobwezera filimu m'chigoba chake. Ndinali nditawaona akuchita zimenezo kambirimbiri, ndipo amapukusa nthawi ndithu. Tsiku limenelo anangoti pukuse pukuse, kachitsuloko nkulefuka. Anaima. Anayang'ana kamera, anayang'ana manda amene anali atakwiriridwa kale, kenako anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene waona. Maso awo anakumana ndi anga. Anabisa kamera m'jasi.

Za makamera sindizidziwa, ndipo sindiyankhula chinthu ndisanachitsimikize.

Lamulungu lotsatira anabwera opanda envulopu. Akuluakulu atafunsa anati kusitolo achedwetsa. Nesi wina wa mumpingo mwathu anali kupita kumudzi masiku omwewo, ndipo ndi amene anayenera kunyamula zithunzizo. A Mwale anamuuza kuti asadandaule. Pa tiyi sanakangane ndi aliyense. Pamenepo ndinadziwa kuti zinthu zaipa.

M'mawa mwake ndinakwera basi kupita ku Dennistoun osawauza. Ndinawapeza atakhala pazenera lawo lija, kapu ya tiyi itazizira pambali, m'manja muli filimu yotsukidwa kale. Sanandipatse moni wa Apolisi. Anangondipatsa filimuyo. Ndinaikweza kukuwala monga ndinachitira ndi yanga ija. Munalibe kanthu, ngakhale mthunzi wa munthu. Anandifotokozera kuti poika filimu pamphepo paja lilime lake silinakole m'mano a kamera, ndiye tsiku lonse kamera inkangolira, filimu ili phee m'chigoba chake. Anati zimachitikira ophunzira kumene. Iwo zinali zisanawachitikirepo chiyambireni pa njinga.

"Mayi, mwana wa eni ake ndamukwirira kawiri."

Ndinafunsa ngati analibe chithunzi china cha Yamikani. Anati mnyamatayo ankathawa kamera ngati anzake onse a ku Sighthill, ndipo ngakhale chikanakhalapo, chithunzi cha munthu wamoyo chikanangotsimikizira mayi uja kuti sananame. Anadzuka, anayenda mpaka kukhomo, anabwerera, anakhalanso. Anati aganiza zoimbira amalume aja nkuwauza zoona, koma foni akaigwira dzanja limakana.

Ndinawauza kuti avale chipewa, tikupita ku Hillhead. Anandifunsa ngati ndikufuna kukawaseketsa kwa a Chirwa. Ndinati sindikudziwa ngati kuli kanthu, ndinangomva kaphokoso, koma asankhe okha cholemera pakati pa manyazi awo ndi mayi wa ku Ntcheu. Anatenga chipewa. M'sitima ya pansi pa nthaka muja mipando inalipo, koma anaimirira njira yonse.

A Chirwa tinawapeza atakwiya kale ndi zawo. Kakadi kamene kamasunga zithunzi m'kamera yawo kanali katasowa, ndipo anali atatembenuza nyumba yonse, ana nkukalipiridwa. Makadi a nthawi imeneyo ankadzaza msanga, ndiye iwo anali ndi chizolowezi chofufuta zonse asanapite kokajambula kwina. Atatilowetsa, a Mwale anakana mpando. Anavula chipewa, anaimirira pakati pa chipinda, nkunena zonse osabisa kalikonse. A Chirwa anamvetsera, kenako anayankha mosakweza mawu kuti iwo anamvera lamulo la akulu, chidole anachisiya kunyumba, ndiye sakudziwa kuti tabwerera chiyani.

Ine sindinkayang'ana a Chirwa. Ndinkayang'ana mkazi wawo.

Nachisale anadzuka nkulowa kukhitchini. Tinamva chitini chikutseguka. Anabwera ndi kanthu kokulungidwa m'pulasitiki, kakununkhira masamba a tiyi, nkukaika patebulo. Iye anati anatenga kamera ija mobisa, ndipo kakadiko anakachotsa chifukwa amawadziwa amuna ake ndi chala chawo chofufuta. Anati mchimwene wake anamwalira kumudzi iye ali kuno, ndipo amene anajambula maliro anataya filimu, ndiye mpaka lero amamulota ali moyo. Kenako anatembenukira kwa a Mwale.

"Pepani bambo, sindinafune kukunyozani. Koma kamera imodzi ili ngati mboni imodzi."

Mtsikana ameneyo ndinali nditamuganizira zoipa masiku onsewo. Ndinkati mwina akufuna kukaonetsa anzake. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndi wa mtundu wanga.

A Chirwa analowetsa kakadiko m'kompyuta. Chithunzi chinali chimodzi chokha. Chinali chopendama, chamdima, mbali ina chatchingidwa ndi mkono wa jasi. Koma nkhope ya Yamikani inalipo, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, ndi khutu lake lakumanzere limene linali long'ambika pang'ono kumwamba. A Mwale anaweramira pagalasi, anavala magalasi, anawavula, anawavalanso. Anati chiyambire sanaonepo chithunzi choipa chotere. Kenako munthu wamkulu uja, ndi mawondo ake ovuta, anagwada pa kapeti nkuomba m'manja kwa Nachisale. Mtsikanayo anathawira kukhitchini.

A Chirwa anawadzutsa, koma sanapirire. Anafunsa ngati chidole chija chakula tsopano. A Mwale anati chayamba kumera mano.

Mukhoza kuganiza kuti zinathera pamenepo. Simunawadziwe a Mwale. A Chirwa atasindikiza chithunzicho pa makina awo a m'nyumba, a Mwale ananyowetsa chala ndi malovu nkukhudza m'mphepete mwa pepalalo. Inki inasungunuka. Anati mayi akalirira pamenepa tsiku limodzi nkhope itha. Anatenga pepala lina losakhudzidwa, tinabwerera nalo ku Dennistoun, analiimika pazenera lawo, nkulijambula ndi kamera yawo yakuda. Poika filimu anandiitana kuti ndiime pafupi. Anandionetsa kachitsulo kamene kamayenera kuzungulira ngati filimu yakola, nkunena kuti Apolisi achitire umboni. Kanazungulira. Anati tsopano mwana wamasiyeyu tamupezera make.

Nesi uja ananyamula chithunzi chotsukidwa bwino, cha pepala lolimba. Zimene zinachitika ku Ntcheu tinazimva kwa amalume aja. Ati mayiyo analandira envulopu ali chiimire, anatuluka nayo padzuwa, ndipo sanayang'ane maso kapena pakamwa. Anayang'ana khutu. Linang'ambika ndi waya wa khola mwanayo akuphunzira kuyenda. Atatero anakhala pansi pomwepo nkuyamba kulira, amayi a m'mudzi nkubwera, ndipo patapita masiku anameta.

Kuchokera nthawi imeneyo a Mwale ankayenda ndi kamera ziwiri. Yatsopanoyo anawagulira ndi mwana wawo, ndipo ankaipachika kumanzere, yakale kumanja. Ankati ukalamba wawalowetsa mitala, abusa asamve. Yakudayo ndiye mayi wamkulu, yonyezimirayo ndi wamng'ono, wachangu koma wosasunga chinsinsi. Pa maliro ankajambula ndi zonse ziwiri, ndipo akamaika filimu amayang'ana kumene ndakhala. Wamng'onoyo sanamukonde mpaka imfa. Munthu akawapempha kuti aone kumbuyo amakana, ati udzaona Lamulungu ngati anzako.

Zaka zinapita monga a Chirwa ananenera. Masitolo otsuka filimu anatsekedwa imodzi imodzi, ndipo a Mwale ankakwera mabasi awiri kukafuna imene yatsala. Kamera zonyezimira zija nazonso zinatha, anthu nkuyamba kujambula ndi mafoni. Manegetivu amene ankawaikira anthu m'maenvulopu ankapezeka atasiyidwa pamatebulo a tiyi, iwo nkumatola. Nyumba za ku Sighthill zitagwetsedwa, ena amene makompyuta awo anafa ankabwera kudzafunsa ngati a Mwale anasungako chithunzi cha ubatizo wa mwana wawo. Ankawayankha kuti make ndinakupatsani, munamusiya kuti. Ankasangalala nako kuyankha kumeneko kuposa mmene mkulu wa mpingo ayenera kusangalalira.

A Chirwa anasamuka ndi banja lawo kupita kutali. Asananyamuke ndinawafunsa za chithunzi chija. Anati kompyuta ija inafa kalekale, ndipo kakadi kaja palibenso makina amene kamalowamo. Choncho nkhope ya Yamikani inatsala pa negetivu ya a Mwale basi. Imeneyo yokha ndi imene sanapereke kwa eni ake, ati ku Ntcheu ingadyedwe ndi chiswe. Chithunzi chikaperepeseka ndi manja a mayi uja, amalume ankatumiza mawu, a Mwale nkutsukitsa china.

Ndinakawaona kuchipatala atatsala pang'ono. Anali atachepa, koma anali atakangana kale ndi manesi kuti bedi lawo alitembenuzire kuzenera. Anandiuza kuti nditsegule kabati nditenge kachikwama ka magalasi. Munalibe magalasi. Munali kanegetivu kamodzi kokulungidwa m'pepala loyera. Ndinati bwanji osapatsa mwana wawo, kapena abusa. Anati mwana wawo adzaika pamalo abwino nkuiwala, abusa adzabwereketsa kwa woyamba kupempha.

"Ndafuna munthu wokhulupirika ndamusowa, Apolisi. Ndiye ndasankha wosakhulupirira."

Pa maliro awo mafoni anali m'mwamba ngati mapesi. Anthu a ku Dedza ankaonera zonse nthawi yomweyo. Ndinauza mdzukulu wanga, yemwe ndinkalera ku Sighthill uja, tsopano ndi mtsikana wamkulu wa ku yunivesite, kuti andipezere chithunzi chimodzi cha papepala. Anandiyankha m'Chingerezi chake cha kuno chodya mawu kuti zonse zili m'foni, agogo, musadandaule. Chaka chatha tsopano. Foni ija anasintha.

Tsopano mwezi wathawu kunabwera foni yochokera ku Ntcheu. Amalume aja anamwalira, woimba anali mchemwali wake wa Yamikani. Ati mvula inagwetsa khoma la chipinda cha mayi awo, ndipo chithunzi chija chinapezeka m'matope chitafufuma. Mayiwo ali moyo, akalamba kwambiri, mutu wayamba kusokonezeka. Chiwonongekereni chithunzicho, ayambanso kufunsa kuti Yamikani abwera liti. Ayambanso kunena kuti anthu a kunja ndi abodza.

Ndinapeza sitolo imodzi kufupi ndi Hillhead imene imatsukabe. Mnyamata wa pakauntala anati ndisiye negetivu, ndibwerenso sabata yamawa. Ndinati ndikhala pompo ndizionerera. Anaseka, ati samatsukira pamenepo, amatumiza kwina. Ndinafunsa kuti kwina kuti, amanyamula ndani, ikatayika amatani. Anayankha kuti sizitayika kawirikawiri. Kawirikawiri. Ndinatenga kanthu kanga nkubwerera kunyumba. Ndinapitanso tsiku lina, nkubwereranso nako.

Mdzukulu wanga atatopa nane anati ndimulole aijambule ndi foni. Ndinakana, kenako ndinakumbukira mawu a Nachisale. Ndinagwira negetivu ndekha pazenera, iye nkujambula. Poyamba zinatuluka zosintha, kuda kuli koyera, koyera kuli kuda. Anadina penapake, khutu la Yamikani nkuonekera. Tinatumiza ku Ntcheu tsiku lomwelo. Mchemwali uja anaimbanso kuti mayi anayang'ana, anazindikira, analira. Koma foni itazima anafunsa kuti mwana wawo wapita kuti, ndipo anakwiya kuti sangaike foni ya eni m'Baibulo lawo.

Ndiye Lachisanu ndinakasiya negetivu ija kusitolo. Mnyamatayo ndinamuyang'ana bwinobwino kuti ndidzamudziwe. Ati ndipite Lachisanu likubwerali.

Lamulungu ndinafika m'tchalitchi molawirira, chifukwa kunyumba sikunkakhalika. Malo a a Mwale anali kumanzere, pazenera lachitatu kuchokera kutsogolo, pamene kuwala kumagwera pa nkhope za oimba. Panalibe mpando, chifukwa sankaufuna. Kapeti pamenepo inaperepeseka mozungulira, mmene ankapondera akusuntha. Pakhoma pali msomali umene anakhoma okha osapempha, wopachikapo chipewa, ndipo mzungu wosamalira tchalitchi uja sanauzule. Katani imene ankakanganirana ija tsopano imakhala yotseka, palibe woitsegula. Masiku ano amayi achitsikana amaimikapo ngolo za ana. Nyimbo yomaliza itatha anthu anakweza mafoni, aliyense kudzijambula yekha, ndipo panalibe wotiuza kuti tisaphethire. Ine ndinakhala ndikuyang'ana msomali uja, kachikwama ka magalasi kali m'manja mwanga, kopanda kanthu.